Makanika wa ku Livingstone ndi liwiro la kompyuta ya galimoto

Mzinda wa Livingstone, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, unakulira pa zitsulo. Mlatho wa njanji wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 1905, mzindawu unakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo m'ma 1970 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inkalumikiza magalimoto a Fiat. Makanika wa nthawi imeneyo ankapeza matenda a injini ndi khutu ndi mphuno: kulira kwa kabuleta, fungo la utsi, mwaye wa pa mapulagi. Msika utatsegulidwa m'ma 1990, misewu inadzaza ndi magalimoto akale ochokera ku Japan, ndipo pang'onopang'ono kasitomala anayamba kufika pagalaja n'kunena kuti, "Tandiikirani pa kompyuta."

Kusinthaku kunayambira kutali. Ku America lamulo la OBD-II linagwira magalimoto onse ang'onoang'ono atsopano kuyambira 1996, n'chifukwa chake pansi pa chiwongolero timapezapo kachibowo ka mapini 16. Magalimoto ambiri a nyengo ija amalankhula kudzera pa waya wotchedwa K-line, pa liwiro la mabiti 10,400 pa sekondi. Njira ya CAN, yomwe kampani ya Bosch inaonetsa mu 1986, nthawi zambiri imathamanga pa mabiti 500,000. Kachipangizo kotsika mtengo kamene makanika amalumikiza pakati pa galimoto ndi foni kapena laputopu kanachokera ku chip ya ELM327 ya ku Canada, ndipo mwachibadwa kamatumiza uthenga pa mabiti 38,400 okha.

Apa ndiye pagona nkhani. Ambiri amaganiza kuti kukweza liwiro la kachipangizoka kumafulumizitsa galimoto kuyankha, pamene chimene chimasintha ndi njira ya pakati pa kachipangizoka ndi kompyuta basi. Lamulo la AT BRD, lomwe kompyuta imatumiza ku kachipangizoka, limachititsa mbali ziwirizi kuyesa liwiro latsopano, ndipo zikapanda kumvana zimabwerera ku lakale. Malamulo ena amangochepetsa katundu: ATE0 imaletsa kachipangizoka kubwereza funso, ATS0 imachotsa mipata pakati pa manambala, ATAT2 imafupikitsa nthawi yodikira yankho. Pa galimoto ya CAN zimenezi n'zofunikadi, chifukwa uthenga umabwera wochuluka kuposa wotuluka, mpaka pa sikirini n'kulembeka BUFFER FULL. Zili ngati malole atandondana pamalire kudikira kuwoloka mlatho wakale uja: msewu ungakule motani, mzere sungathe ngati powolokera pali popapatiza. Koma pa Corolla yakale ya K-line popapatiza ndi galimoto yeniyeniyo, ndipo ngakhale mutakweza liwiro kakhumi simupindula kanthu.

Wina angatsutse kuti zonsezi n'zamasewera, poti nambala ya vuto ngati P0300 imatuluka ndithu ngakhale pa liwiro lochepa. Kunena zoona, powerenga manambala otere liwiro silisintha kanthu. Koma matenda ovuta, a injini yotsamwa mwa apo ndi apo pamsewu wa ku Kazungula, amaoneka poyang'ana masensa injini ikuyenda, ndipo sensa ya okosijeni imasinthasintha mofulumira moti kuiwerenga mochedwa kumabisa vutolo. Wina anganene kuti basi, tizingokweza liwiro mpaka kumapeto. Apanso ayi. Tizipangizo tambiri ta pamsika n'tokopera, talembedwa v1.5, nambala imene eni ake a ELM327 sanatulutsepo, ndipo tina timavomera lamulo koma osalichita. Pa tizipangizo ta Bluetooth, kusintha liwiro la chip kokha kungachititse kuti isamvanenso ndi kawailesi kam'kati mwake, kachipangizoko n'kukhala chete. Magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan samayankha n'komwe mafunso wamba a OBD-II, ndipo makanika wosadziwa zimenezi amataya tsiku akusinthasintha liwiro pamene chofunika ndi makina odziwa chilankhulo cha Toyota kapena Nissan.