Mbiri ya Nyali Yosatentha

Masiku apitawa ndinakacheza kwa mdzukulu wanga wina wokhala mumzinda, ndipo nditalowa m'nyumba madzulo ndinaona kuwala kukuchokera kunsi kwa kabati ya mbale, kwina kuseri kwa wailesi ya kanema, koma nyali yake osaiona. Nditafunsa, mnyamatayo anaseka, natulutsa lamya m'thumba, nakhudza pagalasi pake. Chipinda chonse chinafiira ngati thambo la kumadzulo. Anakhudzanso, ndipo chinayera mbee. Pamenepo anandionetsa kalamba kopyapyala, kachala chimodzi m'lifupi mwake, komatidwa kunsi kwa thabwa, ndipo pa iko panali timadontho towala tondandalikana ngati mikanda. Ndinakagwira ndi dzanja, kanali kofunda pang'ono chabe. Ine amene ndinaphunzira kuwerenga pa koloboyi, m'mawa n'kudzuka mphuno zili bii ndi mwaye, ndinaona kuti nkhani imeneyi njofunika kuilondola kumene inachokera.

Kuyambira kalekale, munthu akafuna kuwala ankayenera kutentha kanthu: udzu, nkhuni, mafuta, phula. Ngakhale babu la magetsi limene Joseph Swan wa ku England ndi Thomas Edison wa ku America analikonza, aliyense payekha, cha m'ma 1879, silinasiye njira imeneyi. M'kati mwake munali kaulusi kamene kankatenthedwa ndi magetsi mpaka kuyaka. Pa magawo 100 a mphamvu yolowa m'babu lotere, oposa 90 amangosanduka kutentha. Tinganene kuti linali mbaula imene inkawalako pang'ono. Ndipo pano ndipatukeko: m'mwezi wa Disembala 1924 makampani akuluakulu opanga mababu, monga Osram ndi Philips, anakumana ku Geneva nagwirizana kuti babu lisamakhale kupitirira maola 1,000, ndipo wopanga lokhalitsa ankalipitsidwa chindapusa. Agogo athu amene ankadandaula kuti mababu sachedwa kupsa sankanama ayi.

Njira ina inaonekera mwangozi m'chaka cha 1907. Henry Joseph Round, katswiri wogwira ntchito kwa Marconi, ankayesa timiyala tolandirira mawu a wailesi. Atagunditsa waya wa magetsi pa kamwala ka carborundum, kamwala kolimba kamene amapangira zonolera zitsulo, anaona kuwala kwachikasu kofooka. Analemba kalata yaifupi ku magazini ya Electrical World, nabwerera ku ntchito yake ya wailesi. Nkhaniyo inagona pomwepo.

Amene anaidzutsa ndi mnyamata wa ku Russia, Oleg Losev, wobadwa mu 1903, amene analibe digiri ya ku yunivesite ndipo ankagwira ntchito yapansi m'nyumba yofufuzira za wailesi ku Nizhny Novgorod. Iyenso anaona kadontho kowala pamene waya akhudza kamwala, koma sanakapitirire. Anafuna kudziwa ngati kuwalako kunali kwa moto. Tsono anadontheza pa kamwalako mafuta ouma msanga, nayesa ngati angaume mofulumira pamene kamwalako kakuwala. Sanafulumire kuuma. Motero Losev anatsimikiza kuti kumeneku kunali kuwala kozizira, kosachokera ku kutentha, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1920 anafalitsa zimene anapeza m'magazini a ku Russia, Germany ndi England. Panalibe kampani imene inaziona ngati zaphindu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inampeza ku Leningrad, mzinda umene asilikali a Germany anauzinga, ndipo mu Januwale 1942 anafa ndi njala ali ndi zaka 38. Pa anthu onse a m'nkhani yathu ya lero, ine amene amandikhudza mtima kwambiri ndi ameneyu.

Kodi kuwala kozizirako kumachokera kuti? Taganizirani za bawo. Kamwalako kali ndi mbali ziwiri zogundana: mbali ina ili ndi nkhomo zochuluka, zimene ndi tizigawo ta magetsi totchedwa ma elekitironi, ndipo mbali inayo ili ndi maenje opanda kanthu. Magetsi akalowa, nkhomo zimakankhidwa n'kumagwera m'maenjewo, ndipo iliyonse pogwa imatulutsa kadontho ka kuwala. Ikagwa kuchokera pafupi, kuwala kumakhala kofiira. Ikagwa kuchokera patali, kumakhala kwa buluu. Kutalika kwa kugwako kumadalira mtundu wa kamwala. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti ndi imene inavutitsa akatswiri zaka makumi atatu.

M'chaka cha 1962, Nick Holonyak, mwana wa munthu wokumba malasha ku Illinois, amene anaphunzira pansi pa John Bardeen, mmodzi wa otulukira transistor, anapanga ku General Electric mumzinda wa Syracuse kanyali koyamba kotere kopereka kuwala kofiira kooneka ndi maso. Ndiye nyali imene lero timaitcha LED. Holonyak ananeneratu kuti tsiku lina idzalowa m'malo mwa babu la Edison, koma poyamba inkangokwanira kukhala kadiso kofiira kosonyeza kuti makina ayaka. Inalowa m'makina owerengera masamu, ndiponso mu wotchi ya Pulsar ya mu 1972, imene inkagulidwa madola 2,100, ndipo mwini wake ankayenera kudina batani kuti aone nthawi poopa kutha batire. Chaka chomwecho George Craford, wophunzira wa Holonyak, anapanga yachikasu. Yobiriwira inapezekanso. Koma popanda ya buluu panalibe njira yopezera kuwala koyera kounikira m'nyumba.

Akatswiri ankadziwa kuti kamwala kotchedwa gallium nitride kangathe kupereka buluu, koma kanali kokanika. Kakamapangidwa kankatuluka kong'aluka ndi kodzaza zilema, ndipo mbali ija ya maenje inkakana kupangika. Makampani ambiri otchuka anakataya natembenukira ku kamwala kena. Ku yunivesite ya Nagoya ku Japan, Isamu Akasaki ndi wophunzira wake Hiroshi Amano anakakamira. Atalephera kambirimbiri, mu 1986 analengeza kuti apeza njira yopangira kamwala kosalala ndi koyera, poyamba kuyala kansalu kopyapyala ka mankhwala ena pansi pake. Mu 1989 anapezanso mbali ya maenje ija.

Nthawi yomweyo, m'tauni yaing'ono ya Anan pa chilumba cha Shikoku, munali kampani yotchedwa Nichia, imene ntchito yake yaikulu inali kupanga ufa wowala wopaka m'kati mwa nyali zazitali za machubu. Mmodzi wa antchito ake, Shuji Nakamura, anapempha mwini kampaniyo, Nobuo Ogawa, kuti amlole kufunafuna buluu, ndipo mkuluyo analola napereka ndalama. Nakamura ankasula ndi kuwotcherera yekha makina ake, m'mawa kukonza, masana kuyesa, tsiku ndi tsiku. Anazindikira kuti chimene chinkatseka maenje aja ndi mpweya wa hydrogen, ndi kuti kungotenthetsa kamwalako kumauchotsa. Mu Novembala 1993 Nichia inalengeza LED ya buluu yowala kwambiri, ndipo mu 1996 inayamba kugulitsa yoyera. Apa ufa uja unagwira ntchito: anaphimba kanyali ka buluu ndi ufa wachikasu, ndipo buluu wosakanikira ndi chikasu diso limamuona ngati woyera. Mukadzaona kalamba kounikira kali kozima, tayang'anitsitsani timadontho take. Mudzaona kuti n'tachikasu. Kunsi kwa chikasu chimenecho kuli buluu wa ku Anan.

Mapeto ake sanali okoma onse. Nakamura ananena kuti mphoto imene kampani inampatsa chifukwa cha chimene anatulukira inali ma yen 20,000 okha. Anasamukira ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, ndipo mu 2001 anakasuma. Mu 2004 khoti la ku Tokyo linagamula kuti apatsidwe ma yen 20 biliyoni, koma kampani inachita apilo, nanena kuti chipambanocho chinali cha antchito ambiri ndi ndalama zake, ndipo mu 2005 anagwirizana pa ma yen pafupifupi 840 miliyoni. Mu 2014 Akasaki, Amano ndi Nakamura analandira mphoto ya Nobel. Holonyak, amene anali akali moyo, sanaphatikizidwe, ndipo sanabise kukhumudwa kwake. Anamwalira mu 2022.

Tibwerere tsono ku kalamba ka mdzukulu wanga. Babu la galasi linali lotupa, losweka ndi lotentha, n'chifukwa chake malo ake anali amodzi, pakati pa denga, ndipo aliyense m'nyumba ankagwira ntchito mumthunzi wa mutu wake. LED ndi yaing'ono ngati njere ya mpunga, ndipo itha kumatidwa pa kansalu kopindika kokhala ndi tinjira ta mkuwa. Mafakitale, makamaka a kum'mwera kwa China, anayamba kupanga malamba otere, kawirikawiri a mamita 5 pa mkulungo umodzi, tinyali 30 kapena 60 pa mita, ogwira ntchito ndi magetsi ochepa a mavoti 12 kapena 24, kumbuyo kwake kuli zomatira, ndipo pali zizindikiro zosonyeza podula ndi lumo kapena sizasi. Kuwala kunachoka padenga n'kupita kumene ntchito ili: kunsi kwa kabati kuti mayi wodula ndiwo aone mpeni, m'mphepete mwa masitepe ndi m'njira yopita kuchimbudzi kuti nkhalamba isapunthwe usiku. Amisiri oika malamba amenewa anaphunzira zina movutikira. Lamba akatalika kwambiri, kumapeto kwake kumazilala, motero ayenera kupatsidwa magetsi mbali zonse ziwiri. Ndipo ngakhale tikuti nyali yosatentha, kutentha kochepa kulipo. Lamba wowala kwambiri amafuna kumatidwa pa chitsulo cha aluminiyamu, ndipo woyatsidwa ali chikulungire amadziwononga yekha.

Nanga nzeru zimene amati ali nazo n'zotani? LED itha kuyaka ndi kuzima kambirimbiri pa sekondi imodzi popanda diso kuzindikira. Kakompyuta kakang'ono kakamachulukitsa nthawi yozima, kuwala kumaoneka kochepa; kakasakaniza wofiira, wobiriwira ndi buluu m'miyeso yosiyana, pamatuluka mtundu uliwonse. Pa malamba ena kanyali kalikonse kali ndi kachipangizo kakekake, n'chifukwa chake mitundu imaoneka ngati ikuthamangitsana. Mu Okutobala 2012 Philips inatulutsa mababu a Hue olamulidwa ndi lamya, ndipo chaka chotsatira inawonjeza malamba. Posakhalitsa anthu anayamba kungolankhula, nyali n'kumva. Zambiri mwa izi ndi zoseweretsa, tisanamizane. Koma chimodzi chili ndi maziko. Cha m'ma 2002 ofufuza anatsimikiza kuti m'diso muli timaselo timene timauza thupi ngati kunja kwacha kapena kwada, ndipo timamva kwambiri kuwala kwa buluu. Nyali imene imayera masana n'kumafiirira yokha usiku, ngati moto wa pabwalo, sisokoneza tulo monga imachitira yoyera mbee.

Pali funso limene koloboyi sanatifunsitsepo: kodi nyali yomvera lamya mwini wake ndani? Mu 2016 ofufuza a ku Weizmann Institute ku Israel ndi anzawo a ku Canada anaonetsa kuti atha kulanda ulamuliro wa mababu a Hue ali kunja kwa nyumba, pogwiritsa ntchito kandege kopanda munthu. Kampaniyo inatseka mpatawo. Mu Epulo 2022 kampani ya ku America yotchedwa Insteon inazimitsa makompyuta ake mosachenjeza, ndipo ogula ambiri anadzuka n'kupeza kuti lamya zawo sizikulamulanso nyali zimene anagula ndi ndalama zawo, kufikira gulu la ogula omwewo linagula kampaniyo n'kuyatsanso makinawo. Chaka chomwecho makampani akuluakulu anatulutsa pangano lotchedwa Matter, lofuna kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana m'nyumba momwemo. Ine ndikanakhala wogula, funso langa loyamba kwa wogulitsa likanakhala lakuti: intaneti ikadzasowa, kodi idzayakabe ndi chala?

Kwathu kuno LED sinafike kudzera m'malamba a mitundumitundu. Magetsi a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba mu 1966, koma kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti mabanja ounikira magetsi m'Malaŵi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse, pamene oposa theka ankaunikira matochi a mabatire, ndipo ogwiritsa ntchito parafini anali atatsala ochepa kwambiri. Chimene chinagonjetsa koloboyi m'midzi si waya wa pamtengo, koma katochi kotchipa kogulidwa pamsika. Malamba aja nawonso, popeza amafuna mavoti 12, amagwirizana ndi batire ya galimoto kapena ya sola, ndipo mudzawaona usiku pa magolosale, m'malo ometera ndi pa njinga zamoto.

Usiku uja kwa mdzukulu wanga, tili pakati pa kudya, magetsi anathima. Lamba uja anazima, lamya inakhala chete m'dzanja la mwini wake. Mkazi wake anapapasa m'dirowa, natulutsa tochi, naiimika m'kapu kuloza kudenga, ndipo tinapitiriza nsima yathu. Magetsi atabwera ndinaitenga tochiyo, ndinaizimitsa ndi kusuzumira m'galasi mwake. Pakati pake panali kadontho kachikasu.