Kusinthanitsa mabuloko a Land Rover kumigodi ya ku Midlands: kudachokera kuti, nanga kukutikhudza bwanji paboda?

Abale amalonda ndi madalaivala, tikamadutsa ku Kwekwe, Gweru, Shurugwi ndi Zvishavane timaona ma Land Rover akalekale akuyendabe. Ena mwa iwo chesesi n'cha chaka china, buloko ya injini n'nja chaka chinanso. Luso limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo kuidziwa kungatipulumutsire ndalama.

Matauniwa adakula ndi migodi: golide ku Globe and Phoenix ku Que Que, chrome ku Selukwe, asbestos ku Shabani, ndi ng'anjo zachitsulo ku Redcliff. Makolo athu ambiri ochokera ku Nyasaland adagwira ntchito kumeneko, ena adabwera ndi Mthandizi, ena adachona. Misewu yopita kumigodi ing'onoing'ono inali yafumbi ndi miyala, choncho Land Rover, yomwe idayamba kupangidwa mu 1948, ndiyo inkadaliridwa.

Mu 1958 kudatuluka Series II ndi injini yapetulo ya 2286cc, ndipo mu 1961 Series IIA idabwera ndi yadizilo ya saizi yomweyo. Injinizi zidapitirira mpaka mu Series III ya 1971. Pachifukwa ichi buloko ya chaka china inkatha kukhala bwinobwino m'galimoto ya chaka china.

Chomwe chidakulitsa lusoli ndi ndale. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith lidadzilengeza lodziyimira palokha, ndipo bungwe la United Nations lidaika ziletso zamalonda mu 1966, n'kuzikhwimitsa mu 1968. Masipeya ochokera ku Britain adayamba kusowa. Amakaniko adaphunzira kuphwasula galimoto ziwiri zakufa kuti adzutse imodzi. Buloko yong'aluka inkachotsedwa, yabwino n'kuboolanso, kuika mapisitoni okulirapo, ulendo n'kupitirira.

Msampha udabwera mu 1980. Chaka chimenecho kampani idasintha kirankishafuti kuchoka pa mabelingi akuluakulu atatu kufika pa asanu. Kukula kwa injini sikudasinthe, koma buloko, kiranki ndi fulaiwilo zidasintha. Buloko ya mabelingi asanu imadziwika ndi nthiti zolimbitsa zomwe zili kunja m'mbali mwake. Injini yathunthu imalowa m'galimoto yakale, koma kusakaniza zam'kati za mitundu iwiriyi ndiye kutaya ndalama. Kenaka kudabwera 200Tdi mu 1989 ndi 300Tdi mu 1994. Ya 200Tdi imakhala pafupi ndi zakale, ngakhale yochokera mu Discovery tebo yake ili m'munsi ndipo imalimbana ndi chesesi cha Series. Ya 300Tdi imafuna mamaunting'i ena, kuwotcherera sikulephereka.

Mavuto a 2008 adabwezeretsa zakale zija. Ndalama ya Zimbabwe idatha mphamvu, Ziscosteel idaima, migodi ya asbestos ku Zvishavane inali itafooka kale. Amisiri omwe adaphunzira ntchito m'mawekishopu amigodi adatsegula magaraja pansi pa mitengo, makasitomala awo n'kukhala makorokoza ndi ife amalonda. Lero injini zakale zambiri zimalowa kudzera pa Beitbridge, koma nzeru yosakanizayo ndi yomwe ija.

Tsono apa ndiye pagona nkhani yathu. Nambala ya injini imadindidwa pabuloko. Mukasintha buloko, mwasintha nambala yomwe ili m'buku la galimoto. Makolo athu ankangozungulira pamgodi, koma ife timadutsa Nyamapanda, Cuchamano, Zobue mpaka Mwanza, ndipo paliponse wapolisi angathe kutsegula boneti n'kuyerekeza nambalayo ndi mapepala. Zikasiyana, galimoto imaganiziridwa kuti ndi yobedwa. Imagwidwa, katundu n'kugona paboda, masiku n'kumapita, ngongole ya katunduyo ikukudikirani.

Choncho musanapereke ndalama, funsani makaniko chaka cha buloko ndi kuchuluka kwa mabelingi ake, ndipo muone nokha m'mbalimo. Pukutani pamene pali nambala; ngati papalidwa kapena kudindidwanso, isiyeni ngakhale itatchipa bwanji. Tengani lisiti lokhala ndi nambalayo. Ikamangidwa, pitani ku Vehicle Theft Squad akaiyendere, kenaka ku Central Vehicle Registry akakonze buku. Mukatero m'pamene mungaganize zowoloka malire. Fulumirani adadya gaga.

Amene muli ndi makolo omwe adagwirapo spanala ku Shabani kapena ku Selukwe, tiuzeni zomwe adakusimbirani, tonse tiphunzirepo.