MUSANAKWERE LOLE YOPITA KU MISHONI, WERENGANI IZI KAYE

Sukulu zatsala pang'ono kutsekera, ndipo ndikudziwa kuti m'mipingo yambiri achinyamata ayamba kale kusonkherana ndalama za ulendo wokalalikira kumidzi. Nyengo ngati ino mauthenga amandichulukira pafoni: Abusa, titenge masipika angati? Jenereta imodzi ikwana? Lero za jenereta tizisiye kaye. Ndikufuna ndikuuzeni mbiri ya anthu amene anayenda ulendo wotere ife tisanabadwe, komanso mmene mbiri imeneyo inandipezera m'nyumba mwanga momwe. Nkhaniyi ndi yaitali, koma pezani pokhala muwerenge mpaka kumapeto, makamaka inu amene mwayamba kuganiza za banja.

Mu Ogasiti 2003 tinanyamuka achinyamata 14 pa lole kuchokera kwathu ku Dedza kupita kumudzi wina m'boma la Mzimba. Ndinali ndi zaka 23, moto uli m'mafupa, nzeru zochepa. Titafika tinapeza kuti Chichewa chathu achinyamata akumva, koma agogo ambiri akungogwedeza mutu mwaulemu. Ife m'malo mofuna womasulira tinangowonjezera voliyumu. Tsiku lachitatu ndinagwira maikolofoni n'kunena kuti lobola ndi kugula munthu ngati mbuzi pamsika, ndipo Mkhristu weniweni sangachite zimenezo. Anzanga anakuwa Amen. Mawa lake pabwalo panabwera ana okhaokha.

Madzulo ake mkulu wina wa mpingo wa m'mudzimo, wa imvi mutu wonse, anandiitanira pakhonde pake. Anandipatsa mpando, n'kundiuza mofatsa kuti, "Mwana wanga, wafika Lolemba, Lachitatu wagamula kale mlandu wa makolo athu. Unafunsako ndani?" Kenako anandifunsa ngati ndinamvapo za William Koyi. Ndinali ndisanamvepo. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandiyambitsa kuwerenga mbiri ya mpingo m'dziko lathu, ndipo zimene ndinapezamo ndi izi.

Tiyambire ku Magomero, m'boma la Chiradzulu. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anafika kumeneko motsogozedwa ndi David Livingstone. Anali munthu wa mtima wabwino, wodana ndi malonda a akapolo. Koma asanadziwe chinenero, asanamvetse kuti mkangano wa Amang'anja ndi Ayao wayambira pati, iye ndi anzake analowa m'nkhondo ndi mfuti, atatenga mbali. Anthu anayamba kuwaona ngati gulu lina lankhondo. Mu Januwale 1862 Mackenzie anamwalira ndi malungo pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo patapita nthawi yochepa mishoniyo inasamukira ku Zanzibar. Changu chinalipo, abale anga, koma anafulumira kuchita asanamvetsere.

Ku Blantyre zinafika poipa kuposa apo. Mishoni ya Church of Scotland inakhazikitsidwa mu 1876, ndipo m'zaka zoyambirira amishoni ena anadziika okha kukhala mafumu ndi oweruza. Ankakwapula anthu oganiziridwa kuba, ndipo mu 1879 munthu wina woganiziridwa mlandu wakupha anamuwombera. Mlendo wina dzina lake Andrew Chirnside anaulula nkhanizi ku Britain mu 1880. Mpingo unatumiza anthu odzafufuza, ndipo mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, anachotsedwa pamodzi ndi ena. Amene analowa m'malo mwake mu 1881, David Clement Scott, anayenda njira ina. Anakhala pansi n'kuphunzira Chimang'anja mpaka anatulutsa dikishonale yaikulu mu 1892. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene mumajambulitsapo zithunzi lero chinamangidwa pa nthawi yake, kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi manja a anthu akuno. Anakhulupirira eni dziko n'kuwapatsa udindo, ndipo mmodzi mwa iwo, Harry Kambwiri Matecheta, anadzadzozedwa ubusa mu 1911. Mishoni ndi yomweyo, Baibulo ndi lomwelo, chinasintha ndi mtima wa mlendo.

Tsopano tifike kwa William Koyi, amene mkulu uja ankanena. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala. Kumeneko anaika m'manda anzawo angapo, ndipo anadikira mpaka 1881 kuti abatize munthu woyamba, Albert Namalambe. Taganizirani, zaka zonsezo munthu mmodzi. Ife tikapita sabata imodzi timafuna tibwereko ndi lipoti la miyoyo 500. Mu 1876 kunabwera anyamata anayi ochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, ndipo mmodzi mwa iwo anali Koyi, Mxhosa. Ameneyu ndiye anatsegula khomo kwa Angoni a Inkosi M'mbelwa, chifukwa chinenero chake chinali chapafupi ndi Chingoni ndipo ulemu wa kubwalo la mfumu ankaudziwa. Anakakhala ku Njuyu pakati pawo. Kwa zaka zingapo Angoni anakana kuti kutsegulidwe sukulu, iye osachoka, osatukwana miyambo yawo, kumangokhala nawo ndi kupemphera. Chilolezo cha sukulu chinabwera mu 1886, chaka chomwecho chimene iye anamwalira. Angoni oyamba anabatizidwa mu 1890, iye ali kale m'manda. Pambuyo pake Donald Fraser, amene anatumikira ku Embangweni, analimbikitsa Akhristu a Chingoni kupeka nyimbo za Mulungu m'mayimbidwe a kwawo, ndipo nyimbo zimenezo zikuimbidwabe mpaka lero.

Ndiye ine kamnyamata ka ku Dedza ndinaima pa nthaka imene Koyi anaipirira zaka zonsezo, n'kuiweruza m'masiku atatu. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndithu.

Lobola amene ndinkamunyozayo nayenso ali ndi mbiri yake. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835 akuchokera kum'mwera, atanyamula mwambo woti ng'ombe zikapita kwa makolo a mkazi, mkazi amabwera kumudzi kwa mwamuna ndipo ana amakhala a kwa bambo. Atakhazikika ku Mzimba anatengera Chitumbuka, koma mwambo wa ukwatiwo unakhazikika m'dera lonselo. Kwathu kwa Achewa ndi zosiyana. Mwamuna amapita kuchikamwini, akafuna kutenga mkazi kupita naye kwawo amapempha chitengwa, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo wamphamvu pa iwo ndi malume. Ngakhale Angoni a Maseko a ku Ntcheu ndi Dedza anatengera Chichewa ndi zambiri za mwambo umenewu. Kwa munthu wa ku Mzimba ng'ombe zija ndi umboni woti mabanja awiri amangana, ndipo mkazi ndi ana ake ali ndi mudzi wowasamala. Inde alipo amene amaipitsa mwambowu chifukwa cha dyera, kutchula mtengo ngati akugulitsa galimoto. Koma tanthauzo lake lenileni ine sindinkalidziwa pamene ndinkakuwa pa sipika paja.

Apa ndiye mumve mmene Mulungu amaphunzitsira ana ake ouma mutu. Mu 2005 ndili ku Lilongwe ndinaona mlongo wina wa mu kwaya, mtima wanga n'kukhazikika. Nditafunsa kwawo, anati ku Mzimba. Aleluya! Amene ndinkalalikira kuti lobola ndi tchimo ndinapezeka ndikuthamanga kufuna ndalama za ng'ombe zinayi. Amalume anga anakwiya, amvekere, "Kwathu kuno sitigula mkazi. Akazi atha ku Dedza kuno?" Mawu anga omwe aja anandibwerera kudzera pakamwa pa amalume.

Tinakwatirana mu 2006, ndipo chaka choyamba chinali sukulu yowawa. Tikapita kumudzi, mayi akunyumba ankapewa kudyera pamodzi ndi apongozi awo aamuna ndiponso sankatchula dzina lawo, chifukwa kwawo umenewo ndiye ulemu waukulu. Abale anga ankaona ngati ndi matama. Iwo ankayembekezera kuti kwa mwamuna wawo ndiye kwawo tsopano, poti ng'ombe zinapita. Koma azichemwali anga ankawatenga ngati mlendo, chifukwa kwathu mudzi ndi minda ndi za akazi a mbumba. Ine pakati, m'malo momvetsera, ndinkangoti tiyeni tipemphere, nkhani n'kuikwirira.

Mwana woyamba atabadwa mu 2007 zinthu zinaonekera poyera. Amalume anati mwana ndi wa kwa mayi ake, kuno alibe munda. Apongozi anga ku Mzimba anati ng'ombe zinalowa m'khola, mwana ndi wa kwa bambo ake. Mbali zonse ziwiri zinkanena zoona monga mwa mwambo wawo, koma mapeto ake mwana wanga analibe kwawo. Usiku wina mayi akunyumba anandifunsa akuyamwitsa, "Bambo a mwana, Mulungu atakutengani lero, ine ndi mwanayu tipita kuti?" Ndinali nditayamba kale kulalikira m'misonkhano, koma funso limenelo ndinalibe yankho lake. Ndinatuluka panja n'kulira.

Chimene chinatipulumutsa ndi kukhala pansi. Tinaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, aliyense anafotokoza mwambo wa kwawo mpaka winayo atamvetsa, ndipo tinagwirizana poyera. Tinadzimana zaka zitatu n'kugula kapuloti m'dzina la tonse awiri, kenako ndinalemba wilo. Ena amati kulemba wilo ndi kuitana imfa kapena kusowa chikhulupiriro. Ayi abale, ndi chikondi chimenecho. Kuyambira 2011 dziko lathu lili ndi lamulo loteteza chuma cha masiye, ndipo kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi mlandu, koma musadikire khoti pa nkhani imene mukanaikonza muli moyo.

Tsono wina asandimve molakwa kuti chilichonse cha mwambo tizingoombera m'manja. Pa ulendo womwe uja wa 2003 tinapeza mtsikana wa zaka 15 atasiya sukulu kuti akakwatiwe, ndipo zoterezi zilipo kumpoto, pakati ndi kum'mwera komwe. Zimenezo ndi zoipa, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Koma taonani amene anakwanitsa kulimbana nazo. Inkosi Kachindamoto ya kwathu ku Dedza inathetsa maukwati ambiri a ana n'kuwabwezera kusukulu, mpaka kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera. Anthu anawamvera chifukwa ankalankhula monga mwini mudzi wodziwa mwambo. Mpingo nawo unaphunzira zomwezo. Amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889 analetsa chinamwali, koma anadzaona kuti kuletsa kokha kukusiya atsikana opanda owalangiza, ndipo ena ankapitabe mobisa. Ndiye kunabadwa chilangizo cha mu mpingo, alangizi ake amayi a Chikhristu. Ukachotsa chinthu m'manja mwa anthu, uyenera kudziwa ntchito imene chinkagwira n'kuikapo china chabwino.

Nkhaniyi inayamba kalekale m'Baibulo momwe. Kawerengeni Machitidwe 10 muone mmene Petro anavutikira kulowa m'nyumba ya Korneliyo, ndi Machitidwe 15 pamene atumwi anakhala pansi ku Yerusalemu kusiyanitsa zofunika pa chipulumutso ndi zimene zinali mwambo chabe wa Ayuda. Ngati atumwi anafunika msonkhano kuti amvetse zimenezi, kuli bwanji ife?

Choncho inu atsogoleri a achinyamata, musanakwere lole chitani izi. Tumizani anthu awiri akaonane ndi amfumu komanso mipingo imene ilipo kale kumeneko, chifukwa simukupita kumalo kumene Mulungu sanafikeko. Phunzirani moni wa kumaloko ndipo pezani womasulira. Chakudya chimene akupatsani landirani ndi manja awiri. Atsikana athu atenge zitenje, anyamata asiye mathalauza okhwefula kunyumba. Masiku awiri oyamba muzifunsa kwambiri, kulankhula pang'ono. Mukaona mwana akukwatiwitsidwa musakuwe pa sipika, kauzeni amfumu, aphunzitsi ndi a zachitukuko cha ana. Ndipo inu anyamata, musakalonjeze ukwati mtsikana wa kumudzi chifukwa cha kutentha kwa chitsitsimutso, n'kumusiya akudikira foni imene siidzalira.

Inu amene muli pa chibwenzi ndi munthu wa mtundu wina, Mulungu adalitse, ine ndine mboni kuti zimatheka. Koma musanagule mphete funsanani mafunso ovutawo. Tidzakhala kuti? Ana adzakhala a mbali iti? Wina akatsogola, wotsalayo adzapita kuti? Ankhoswe anu akumane msanga, asadzaonane koyamba pa mlandu.

Mkulu uja wa ku Mzimba anamwalira ndisanabwerere kukamuthokoza, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Mayi akunyumba ali pambali panga pano pamene ndikulemba, akuseka kuti ndaulula za ng'ombe zinayi zija. Ngati muli ndi mwana kapena mng'ono wanu amene akupita ku mishoni tchuthi chino, mutumizireni nkhaniyi awerenge. Amene munakwatira kapena kukwatiwa kutali ndi kwanu, tiuzeni m'munsimu zimene munakumana nazo kuti achinyamata aphunzirepo. Ambuye akusungeni paulendo, akupatseni makutu omva musanatsegule pakamwa. Amen.