Dzanja Pawindo la Basi ndi Ndege ya Air France

Anzanga amene tidaphunzira limodzi, kodi mukukumbukira aphunzitsi athu a sayansi aja? Adatiuza kuti potsekera sukulu, tikakwera basi, titulutse dzanja pawindo ndi kulipendeketsa pang'ono. Ine ndidayesa pa msewu wafumbi wa ku Mkanda. Mphepo idalinyamuladi, koma nditalipendeketsa kwambiri lidaleka kukwera, mphepo n'kumangolikankhira m'mbuyo. Sindidalabadire. Kwathu ndege tinkangoiopa, makamaka akuluakulu akamasimba za ija ya Wenela imene idagwa ku Francistown mu 1974 itanyamula Amalawi ochokera ku migodi.

Phunzirolo ndidalimvetsa ndili kale m'boma, nditawerenga za ndege ya Air France, nambala 447. Usiku wolowera pa 1 Juni 2009, ndegeyi, ya mtundu wa Airbus A330, inkachokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris ndi anthu 228. Ili pamwamba pa nyanja ya Atlantic, pa mafiti 35,000, madzi oundana adatseka timapaipi toyezera liwiro, ndipo makina oyendetsa ndege paokha adaleka kugwira ntchito. Vuto la timapaipilo silidathe ndi mphindi imodzi yomwe. Mainjini onse adali bwinobwino.

Mkulu wa oyendetsa adali atapita kukapuma. Wachinyamata amene adagwira chiwongolero adadzutsa mphuno ya ndege, ndipo idakwera kufika pa mafiti 38,000. Kumwambako mpweya ndi wochepa, choncho liwiro lidatsika msanga. Mapiko adafanana ndi dzanja langa lija: adapendekeka kwambiri, mphepo idaleka kuwanyamula.

Mankhwala ake ndi amene mtima wa munthu umakana. Ndege ikamagwa chotero, woyendetsa ayenera kuweramitsa mphuno, kulola kuti itsike ngakhale mafiti zikwi zingapo, mpaka mphepo iyambenso kuyenda bwino pa mapiko, kenaka n'kuidzutsa pang'onopang'ono. Kuwonjezera moto wa injini kokha sikuthandiza kumwamba kotero. Koma iye adapitiriza kukoka.

Ine sindifulumira kumuweruza mnyamatayo. Kudali mdima, ndege ikugwedezeka. Ndiponso chenjezo la makina lidawasokoneza: liwiro likatsikitsitsa, kompyuta inkaliyesa labodza n'kukhala chete, koma akaweramitsa mphuno, chomwe chidali choyenera, chenjezo linkayambanso kulira. Ndani wa ife sakadaganiza kuti walakwitsa?

Ndegeyo idagwa kwa mphindi zitatu ndi theka, ndipo palibe adapulumuka. Mabokosi osunga mawu a oyendetsa ndi mayendedwe a ndege adakawavuula mu 2011, pansi pa nyanja pakuya mamita pafupifupi 3,900, ndipo lipoti lomaliza la ofufuza a ku France lidatuluka mu Julayi 2012.