Masilaidi a Nc'wala ndi mawu a sikana

Nc'wala, mwambo wa Angoni, inayambiranso mu 1980, pa nthawi ya mfumu yawo Mpezeni III, itakhala zaka zambiri osachitika chigonjetsereni Angerezi Angoni mu 1898. Makamera a nthawiyo anali a filimu, ndipo wojambula wofuna mitundu yowala ankasankha silaidi: kafilimu ka mamilimita 24 ndi 36, kotsekeredwa m'kafelemu ka katoni kapena pulasitiki. Silaidi imasiyana ndi negetivu. Mukalozetsa silaidi kudzuwa, ng'ombe yakuda ya pa Mtenguleni, pomwe pamachitikira Nc'wala, imaoneka yakuda ndithu. Koma silaidiyo imakhala imodzi yokha, ndipo chuku chikaigwira m'dzinja, chithunzicho chapita.

Sikana ya filimu imapyoza kuwala m'kafilimuko n'kusandutsa chithunzi kukhala failo ya pakompyuta. Ogulitsa amathamangira kutchula dpi, kuchuluka kwa timadontho pa inchi imodzi; pa 4000 dpi silaidi imatulutsa mamegapikiselo pafupifupi 21. Ine ndimayamba ndafunsa za Dmax, mphamvu ya sikana yoona mbali zakuda za chithunzi. Pa Nc'wala gule wa Ngoma amavinidwa dzuwa lili paliwombo, nkhope za amuna zili mumthunzi wa nthenga za kumutu. Sikana yofooka imangotulutsa mdima bii, pamene filimuyo inasunga maso ndi makwinya a agogo a munthu wina wa ku Feni.

Chenjerani ndi Digital ICE ya m'sikana. Imagwiritsa ntchito kuwala kwa infrared kupeza fumbi ndi mokalika, n'kufufuta yokha. Pa filimu ya Ektachrome imachita bwino. Koma pa Kodachrome, filimu imene Kodak inapanga kuyambira 1935 mpaka 2009, utoto wake umatchinga kuwalako, ndiye makina amatha kuyesa ubweya wa chikopa cha kambuku chimene wovina wavala kuti ndi fumbi, n'kuufafaniza. Pamenepo izimitseni, fumbilo mulichotse ndi burashi yofewa.

Ektachrome yakale imafiira chifukwa utoto wina umasuluka msanga kuposa unzake. Konzani mtunduwo pa kope, failo yoyamba ikhale ya TIFF yosakhudzidwa; JPEG ndi yotumizira abale pa WhatsApp.

Kenaka pali metadata, mawu amene amayenda ndi failo: chaka, malo, wojambula, mayina a anthu. Sikana siwerenga zolembedwa ndi cholembera pa kafelemu, choncho muzikopere nokha. Pomwe sipanalembedwe kanthu, tengani laputopu kwa akuluakulu amene anavina zaka zoyambirira zija, mulembe mayina monga akutchulira, ndi mfunda womwe.