Khulubvi: Kachisi wa Mbona ndi Malamulo a Boma

Mtsinje wa Shire, umene umalambalala dziko la Mfumu Chigaru, ukatsikira kuchigwa umafika ku Nsanje. Kumeneko kuli nkhalango ya Khulubvi, kumene Amang'anja amati kudagona mutu wa Mbona, mlosi wa mvula amene adaphedwa ndi adani ake. Mbiri imeneyi tiidziŵa bwino chifukwa cha wansembe wachipani cha Montfort, Bambo Matthew Schoffeleers, amene adafika m'dziko muno mu 1955 nalemba buku lotchedwa River of Blood mu 1992.

Kachisi wa Mbona sali nyumba ya njerwa ai. Ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu, ndipo kakagwa mafumu ndi anthu ao amasonkhana nakamanganso. Kumanga kumeneku ndiko mwambo weniweni, pakuti mafumu okangana ayenera kuyamba ayanjana, ntchito isanayambike. Apa ndipo pagona kusamvana ndi boma. Boma likati lisunge chinthu, limachilemba m'kaundula ndi kuchitchinjiriza kuti chisasinthike. Eni kachisi amasunga mwa kulola kuti chiwole, chimangidwenso.

Kulimbana kudaonekera poyera m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda lidakakamiza anthu kulima mitumbira, okana nkumalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu akuchigwa adaitcha nkhondo ya mitumbira. Mau ochokera kwa Mbona adatsutsa malimidwe ameneŵa, ndipo Mfumu Molin Tengani, amene adaima ndi boma, adataya chikondi cha anthu ake ambiri. Mabwana a zaulimi adaona umbuli chabe. Ife tiganiza kuti funso linali lozama: kodi mwini nthaka ndi mvula ndani? Ndipo tisaiŵale kuti amishoni ambiri, athu omwe, adayesa kachisiyu chikunja chosayenera kuchimvetsera.

Malaŵi atalandira ufulu, boma lidasanduka msungi. Lamulo la zipilala ndi zinthu zakale la 1990 lidapatsa nduna mphamvu yoteteza malo otere, ndipo mu 2011 Khulubvi adalembedwa pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO. Chitetezo chimenechi nchofunika, poti njala ya nkhuni ndi minda siiwopa mizimu monga kale. Komabe mlendo wofika pa Khulubvi, angakhale atanyamula kalata ya ku Lilongwe, saloŵa m'nkhalangomo asanaloledwe ndi osunga kachisi, ndipo amayamba wavula nsapato.