Mbiri ya Chuku ndi Malonda a Mtedza

M'chaka cha 1960, alimi a ku Mangalande anaona zachilendo m'makola mwawo. Nkhukundembo zinayamba kufooka ndi kukana chakudya, ndipo m'miyezi yochepa zoposa 100,000 zinafa. Madokotala a ziŵeto atasoŵa dzina la nthendayo, anangoitcha nthenda ya X. Koma atafufuza anapeza kuti mbalame zonsezo zinadya chakudya chamtundu umodzi, chosakaniza ndi zotsalira za mtedza wofinyidwa mafuta, zochokera ku Brazil. Kodi mtedza, umene anthu akhala akudya kuyambira kalekale, unapha bwanji ziŵeto zochuluka chotero?

Yankho silinachedwe. M'chaka cha 1961 akatswiri a ku Britain anatulukira kuti mlandu sunali wa mtedza weniweniwo, koma wa chuku chimene chimamera pa mbewu zosauma bwino. Chuku chimenechi, chotchedwa Aspergillus flavus, chimatulutsa poizoni amene anapatsidwa dzina loti aflatoxin. Kuopsa kwake nkwakuti poizoniyo saoneka ndi maso, ndipo satha ngakhale mtedza utakazingidwa kapena kuphikidwa. Akamaloŵa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amaononga chiŵindi, mpaka kuyambitsa khansa.

Nkhaniyi inadzidzimutsa maiko ogula mtedza, ndipo lililonse linayamba kuika malamulo akeake. Zimenezi zinali zovuta kwa maiko osauka, pakuti katundu wololedwa padoko lina ankatha kukanidwa padoko lina. Mwamwaŵi, pa nthaŵi yomweyo mabungwe aŵiri a United Nations, la zaulimi la FAO ndi la zaumoyo la WHO, anali kukonza zoti pakhale muyeso umodzi wa chakudya. M'chaka cha 1963 bungwe la Codex Alimentarius linachita msonkhano wake woyamba ku Rome. Patapita zaka zitatu, m'chaka cha 1966, panabadwanso bungwe la UNIDO, lothandiza maiko ongokwera kumene kutukula mafakitale awo. Ndipo pamene bungwe la zamalonda la WTO linakhazikitsidwa m'chaka cha 1995, miyeso ya Codex inasanduka poyambira poweruza mikangano ya malonda a chakudya.

Nanga miyesoyo ndi yotani? Bungwe la Codex limalola magalamu 15 okha a poizoniyu m'matani 1,000 a mtedza umene ukukasankhidwanso kapena kukonzedwa m'fakitale. Maiko a ku Ulaya, m'lamulo lawo la 1998, anaika magalamu 4 pa mtedza wopita pakamwa mwachindunji. Muyeso wochepa chotere sungapimidwe pa sikelo ya pamsika. Umafuna nyumba yoyesera, makina, ndi anthu ophunzira.

Apa mpamene nkhaniyi ifikira mlimi wa ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Lilongwe. Mtedza wa Chalimbana, wa maso akuluakulu, unali wotchuka ku Ulaya. Bungwe la ADMARC, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1971, ndilo linkagula, kusankha ndi kutumiza kunja, ndipo m'chaka cha 1972 Boma linakhazikitsa bungwe loona za miyeso la Malawi Bureau of Standards. Koma kuyambira m'chaka cha 1987, pamene amalonda wamba analoledwa kugula mbewu m'midzi, kusankha kunachepa mphamvu. Malamulo a ku Ulaya atakhwima, msika umene Malaŵi anaudalira unatsala pang'ono kutsekekeratu.

Mutu umodzi susenza denga. Bungwe la ICRISAT, limene linayamba kufufuza za mtedza ku Chitedze m'chaka cha 1982, linathandiza kutulutsa mtundu wa CG 7, ndipo pambuyo pake linabweretsa njira yotsika mtengo yoyesera chuku. Alimi a bungwe la NASFAM ku Mchinji, ataphunzira kuumitsa ndi kusankha bwino, anayambanso kugulitsa mtedza ku Britain. Kuyambira m'chaka cha 2012, mabungwe a UNIDO ndi UNDP, ndi ndalama za maiko a ku Ulaya, anathandiza bungwe la miyeso la Malaŵi ndi zipangizo ndiponso maphunziro a antchito ake.

Komabe mbiri imeneyi ili ndi mbali yoŵaŵa. Mtedza wabwino ukasankhidwa kuti upite kunja, wonyala ndi woola umatsala pakhomo. Nthaŵi zambiri umeneu ndiwo umasinjidwa nkukhala nsinjiro za ndiwo ndi za phala la ana. Chuku sichisankha mtedza wokha. Ku Kenya, m'chaka cha 2004, anthu 125 anamwalira atadya chimanga chimene chinasungidwa chisanaume.

Motero, omvera, makina a mumzinda sangathe kumaliza okha ntchito imene inayamba ndi imfa ya nkhukundembo zija. Chuku chimaloŵa mtedza ukachedwa kukumbidwa, ukayanikidwa pa dothi lonyowa, ukaikidwa m'thumba usanaume, ndiponso ukawazidwa madzi kuti makoko afeŵe poswa. Zinayi zonsezi zili m'manja mwa mlimi. Ndipo mtedza umene wogula wa ku London angaukane, suyenera kuloŵa m'phala la mwana wa ku Mchinji.